Manja a Glenys

"Anamusambitsa m'manja," anatero a Noreen, akupukuta kapu yomwe inali itauma kale. "Munthu wagwa, akupuma movutikira, iwe n'kuyamba kufunafuna sopo. Tandiuza Bryony, ndi zochitika zimenezo?"

Bryony anali ataima pa zenera la kukhitchini, asanavule ndi jasi yomwe anabwera nayo kuchokera ku Leeds. Kumapeto kwa dimba, kuseri kwa mitengo ya maapozi, shedi ya bambo ake inali yotseka, nyale ikuyaka m'kati ngakhale kunja kunali kutacha. Panali patapita masiku anayi chimwalirire mayi ake, a Glenys Hallam, ndipo maliro anali oti aikidwa Lachiwiri la sabata inayo.

"Wakuuzani ndani zimenezo, Anti?"

"Mayi Thackray a nyumba yoyandikana nayoyi. Anali pa zenera lawo lam'mwamba akuyala pabedi. Akuti anaona bambo ako akutuluka m'shedimo atanyamula mng'ono wanga, miyendo ili lendelende, n'kumulowetsa muno. Anathamanga kuti adzathandize. Pofika pakhomo apo anawapeza atagwada pansi apa ndi beseni, akumukwecha zala ndi kaburashi. Ambulansi asanaiyimbire n'komwe."

"Koma Adadi anati Amayi anagwera muno akutereka tiyi."

"Anandiuza zomwezo inenso. A kuchipatala anawauzanso zomwezo." A Noreen anaika kapu ija m'kabati mwamphamvu. "Ine sindikunena kanthu. Ndangofunsa."

A Noreen, akulu awo a malemu, sanawakondepo alamu awo chikwatirire. Ankati mwamuna wamkulumkulu woseweretsa zidole ngosadalirika. Koma zidolezo n'zimene zinatchukitsa dzina la Hallam. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, anthu okonda masewera a nkhondo zakale, aja amandandalika tiasilikali ta mtovu patebulo n'kumaponya madayisi, ankaitanitsa tinyumba tawo kwa a Desmond Hallam a ku Newark. Tinali tinyumba tokwana m'dzanja: ta madenga a udzu, timatchalitchi, makola, milatho. Choyamba chinkasemedwa ndi manja, kenako n'kupanga chikombole, ndipo wogula ankalandira zidutswa m'katoni zoti akalumikize yekha. Pa katoni iliyonse panali dzina la a Desmond. A Glenys ntchito yawo inali yolongedza ndi kupita ku positi. Bryony ankadziwa choncho kuyambira ali mwana, pomwe ankaletsedwa kulowa m'shedimo chifukwa cha timipeni ndi fungo la guluu.

"Nanga magalasi ake ali kuti?" a Noreen anapitiriza. "Okonza thupi awafunsa kawiri. Ndafufuza nyumba yonse. Bambo ako akuti sakudziwa. Kiyi wa shedi ankakhala pa msomali uwu zaka zonsezi. Lero ali m'thumba mwawo, ndipo akapita kokasamba amalowa naye."

Chitseko cha kudimba chinatseguka. A Desmond analowa akupukuta nsapato nthawi yaitali kuposa momwe zinkafunikira. Anali wamtali, wowerama pang'ono chifukwa cha zaka zonse zomwe ananyamula chikwama cha makalata. Anamukumbatira Bryony ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo analibisa m'thumba la juzi, koma pofuna kunyamula ketulo analitulutsa. Zala zitatu zinali zomata mapulasitala, ndipo imodzi inali itafiira ndi magazi atsopano.

"Mwatani chala, Adadi?"

"Kampeni kanatsetsereka. Si kanthu."

"Zaka zonsezi sindinakuonenipo mutadzicheka."

"Ukalamba, mwanawe." Sanamuyang'ane.

A Noreen anatsokomola ngakhale analibe chifuwa.

Masana kunabwera a Clive Oldroyd, wapampando wa kalabu ya masewerawo, atanyamula maluwa ndi chitumbuwa cha nyama ya nkhumba chomwe akazi awo anaphika. Anali munthu wa ndevu zoyera ndi mawu aakulu, amene ngakhale popepesa maliro ankamveka ngati akuwerenga malamulo. Anakhala pabalaza, namwa tiyi, nanena kuti a Glenys anali mayi wofatsa yemwe sanalakwitsepo adiresi. Kenako anayamba kuzunguza kapu yawo pa sosala.

"Des, ndikuchita manyazi kufunsa. Koma chionetsero ndi Lamulungu lino. Tebulo lonse la nkhondo yakale ya kuzingidwa kwa Newark latha, anyamata agwira ntchito miyezi isanu ndi itatu. Pakati pa mtsinje pali malo opanda kanthu. Chigayo choyendera madzi chija."

"Chikubwera."

"Ngati sungathe, nena. Palibe angakudandaule."

"Ndati chikubwera, Clive."

"Chabwino. Tingachione? Ndingoyeza tsinde lake basi."

"Guluu sanaume." A Desmond anaimirira n'kutolera makapu, wina akadali ndi tiyi.

Bryony anawaperekeza a Clive ku galimoto yawo. Atatsegula chitseko anaima, nayang'ana ku nyumba, natsitsa mawu awo mpaka anafanana ndi a munthu wamba.

"Mwanawe, usanditenge molakwika. Dzulo bambo ako anabweretsa ku kalabu kachidutswa ka khoma la chigayocho kuti tione mtundu. Ine ntchito ya Des ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina. Njerwa zake ungaziwerenge imodziimodzi, ndipo palibe ziwiri zofanana. Chomwe anabweretsa dzulo chija, mdzukulu wanga akhoza kupanga choposa pamenepo."

"Ali pa maliro, a Oldroyd."

"Ndikudziwa. Ndinadziuza zomwezo." Anakanda ndevu. "Koma chisoni chimanjenjemeretsa dzanja, sichimuiwalitsa munthu kuti njerwa zimasanjidwa bwanji. Ndipo ndikakumbukira bwino, zaka zonsezi sindinamuonepo Des atagwira kaburashi pamaso panga. Ukamufunsa kuti ndere za pa mwala wazipanga bwanji, amangoseka n'kuti ndi chinsinsi. Anyamata ena akuti mwina ali ndi munthu kwinakwake amene amamupangira, iye n'kungoikapo dzina. Ine ndinkawakalipira. Lero sindikudziwa."

Galimoto itapita, Bryony anakhala pa khoma la mpanda kwa kanthawi. Ankawerenga maola. Bambo ake ankadzuka m'ma folo koloko m'bandakucha kupita kuntchito, n'kubwerako tuu koloko atatopa, n'kugona pa sofa nyuzipepala ili kumaso. Madzulo awiri pa sabata ankakhala ku kalabu. Loweruka ndi Lamulungu nthawi zambiri ankapita ku zionetsero. Anayesa kukumbukira tsiku lomwe anawaona akuchokera ku shedi ali ndi utoto m'manja, koma silinabwere.

Anadutsa m'mbali mwa nyumba n'kukagogoda pa shedi.

"Ndani?"

"Ndine. Tsegulani."

"Ndikubwera pompano, kadikire m'nyumba."

"Adadi, mukapanda kutsegula ndikatenga fosholo ndithyole loko. Ndikatero ndiimbira apolisi ndiwauze zomwe anaona Mayi Thackray."

M'katimo kiyi anazungulira.

Shediyo inali yaikulu kuposa momwe ankaganizira, yofunda, yonunkha guluu ndi utuchi. M'mashelefu munali tinyumba mazanamazana, mudzi pamwamba pa mudzi. Tebulo lolongedzera makatoni linali pafupi ndi chitseko, lalitali, lofika m'chiuno mwa bambo ake. Tebulo logwirira ntchito linali pansi pa zenera, ndipo linali lalifupi. Mpando wake unali wotsitsidwa mpaka pansi, wokhala ndi khushoni ya maluwa, ndipo kutsogolo kwake kunali kabokosi kopondapo munthu wa miyendo yaifupi. Pambali pa nyale panali magalasi a mayi ake, atapindidwa bwinobwino.

Pakati pa tebulolo panali chigayo. Makoma atatu anali otha: njerwa zofiirira, zina zakuda ndi chinyezi m'munsi, chitseko chopendekeka pang'ono ngati chatsegulidwa zaka zana. Gudumu la madzi linali ndi ndere m'mapanga mwake. Khoma lachinayi linali lokhota, njerwa zazikulu ngati mabuledi, guluu atatsikira m'mbali, ndipo pakona panali chidindo cha chala chamagazi.

A Noreen anali atafika pakhomo, thaulo la mbale likadali paphewa. Anaona magalasiwo n'kugwira pakamwa.

"Anagwera pano," anatero Bryony.

"Eya." A Desmond anakhala pa katoni. "Anali akusema zenera ilo. Ine ndinali apo ndikumata makatoni. Anangoti, 'Des, mutu,' n'kutsetsereka pampando."

"Ndiye munawanyamuliranji? Munawasambitsiranji?"

"Anandiuza."

"Bodza!" anakuwa a Noreen. "Munthu akufa angauze mnzake kuti andisambitse?"

"Iwe Noreen, mng'ono wako sukumudziwa? Ankayankhula, pakamwa patakhota koma ankayankhula. Ndinatulutsa foni, iye n'kundigwira mkono. Akuti, 'Asandipeze muno. Tandichotsa utotowu.' Ndinati Glenys, zopusa zimenezo, ndiimbe kaye. Akuti, 'Unalonjeza.' Kawiri. Ndiye ndinamunyamula."

"Panatenga nthawi yaitali bwanji musanaimbe?" Mawu a Bryony anali otsika.

"Mphindi khumi. Mwina khumi ndi ziwiri." Anayang'ana zala zawo zomata. "Dokotala ndinamufunsa katatu. Ndinati, akanafika msanga bwanji? Anati mtsempha womwe unaphulikawo, ngakhale akanagwera pakhomo pa chipatala sizikanasintha. Ndinafunsanso mawa lake. Anayankha chimodzimodzi. Koma sindinamuuze chifukwa chomwe ndinkafunsira, ndiye sindikudziwa ngati yankholo ndi langa."

Panja mbalame inkajompha apozi lakugwa.

Bryony anayendetsa maso m'mashelefu. "Zonsezi?"

"Zonse. Kuyambira kakhola koyamba. Ine ndimathira zikombole, ndimalongedza, ndimayankhula ndi anthu. Kusema sinditha, waona wekha."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu akukuomberani m'manja, akukujambulani m'magazini, Amayi ataima kumbuyo ndi fulasiki ya tiyi."

"Ndi momwe ankafunira."

"N'zosavuta kunena zimenezo lero, eni ake kulibe."

"Ndikudziwa." A Desmond anapukuta kumaso. "Chionetsero choyamba anapita yekha, iwe uli ndi zaka ziwiri. Ine ndinali kuntchito. Anayala tinyumba tisanu ndi kamodzi. Aliyense wobwera amafunsa kuti, 'Amuna anu abwera nthawi yanji?' Wina anaima theka la ola kumuphunzitsa kuti chumuni chake n'cholakwika, nthawi imeneyo kunalibe zoterozo. Glenys anali atakajambula chumunicho pa nyumba yeniyeni ku Southwell, atakwera makwerero. Sanagulitse kalikonse. Mawa lake ndinakaima ine. Munthu yemwe uja anabweranso, anagula tinayi, n'kundiuza kuti chumuni chotere sanachionepo kukongola kwake. Nditamufotokozera Glenys anaseka mpaka misozi. Anati, 'Basi, iwe uziima, ine ndizimanga.'"

"Zimenezo zinali kale. Dziko linasintha."

"Ndinamuuza. Ankati akadziwa ayamba kubwera kunyumba kudzayankhula. Ankati, 'Ndevu zonsezo m'shedi mwanga? Ayi.' Asilikaliwo analibe nawo ntchito. Ankati iye amamanga nyumba, ife timabwera ndi mizinga kudzaphwanya."

"Ndipo inu zinakukomerani," anatero a Noreen.

A Desmond anakweza mutu. "Zinandikomera, Noreen. Sindikana. Munthu wonyamula makalata kumatchedwa katswiri, zinandikomera kwambiri. Masiku ena ndinkaiwala n'komwe kuti ndi bodza."

A Noreen analowa, natenga magalasi aja, nawapukuta ndi thaulo la mbale, nawaika m'thumba la epuloni. "Ine mphindi khumi zijazo sindidzakukhululukira," anatero, n'kutuluka.

Bryony anatsala. Anatsegula kabati ya pansi pa tebulo osadziwa chomwe akufuna. Munali mabotolo a utoto, mchenga m'zitini za bisiketi, ndi chidole chaubweya cha chimbalangondo, cha diso limodzi, msana ndi miyendo zitasendedwa mpaka kutsala nsalu yokha.

"Uyu ndi Barnaby," anatero. "Anandiuza kuti ndinamuiwala m'basi."

"Ubweya wake ukaupaka guluu n'kuupesa umafanana ndi udzu wofolerera. Madenga a chaka choyamba onse ndi Barnaby. Anayesa kugula wina m'sitolo, akuti ubweya wake sunali wabwino ngati uwu."

"Ndinalira sabata yathunthu!"

"Nayenso analira. Koma sanasiye kusenda."

Bryony anafuna kuseka, koma anadziletsa. Anabweza chidolecho n'kutseka kabati. "Sindikudziwa ngati ndikukukhulupirirani, Adadi. Kuti ankamanga ndi iwo, ndaona. Kuti ankafuna kubisala, ndi mawu anu okha."

"Ndi mawu anga okha," anavomera.

Tsiku lotsatira anadya chakudya cham'mawa osayankhulana kwenikweni. A Noreen anapititsa magalasi kwa okonza thupi. Loweruka m'mawa a Desmond anaimbira a Clive kuti abwere ndi galimoto, ndipo atafika anawatengera ku shedi okha, osawapatsa ndi tiyi yemwe. Bryony ndi a Noreen anatsatira n'kuima pakhomo.

A Desmond anafotokoza mwachidule, ataimirira, ngati munthu wopereka lipoti kwa bwana. A Clive anamvetsera akuyang'ana mpando wotsika uja. Kenako anawerama pa chigayo, natulutsa galasi lawo lokulitsa zinthu, nayang'ana gudumu nthawi yaitali.

"Glenys," anatero. "Glenys amene ndinkamutuma kukandigulira masangweji."

"Yemweyo."

"Chaka chatha ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera momwe amuna ake amapangira madenga. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati, 'Zoona, a Oldroyd? N'zodabwitsa.'" Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu. "Mayo ine."

"Khoma ilo ndapanga ine, ndilichotsa," anatero a Desmond.

"Lichotse. Chipite ndi makoma atatu, mbali yotsekukayo tiilozetsa kwa anthu aone m'kati. Palibe agwirepo." A Clive anaimirira. "Koma pafunika khadi la dzina. Tinasindikiza kale la dzina lako. Limenelo ndiling'amba ndekha."

Bryony anayang'ana bambo ake. A Desmond anazengereza, kenako anakoka dirowa ya kumanzere kwa tebulo. Munali mulu wa makhadi olimba, omangidwa ndi labala, okhuthala ndi utoto wouma. Anawapereka kwa Bryony.

"Zaka zoyamba zitadutsa, chaka chilichonse chionetsero chikayandikira ndinkalemba limodzi la dzina lake n'kumuikira patebulo," anatero. "Ankangolikokera pafupi n'kuyamba kusakanizirapo utoto."

Bryony anachotsa labala. Khadi lililonse linali ndi chaka pakona, m'zilembo zazikulu za bambo ake zomwe ankazidziwa pa maenvulopu. Pakati pake panali chiphalaphala cha utoto: wofiirira wa njerwa, wotuwa wa miyala, wobiriwira wa ndere. Pena pankaoneka G, pena mapeto a Hallam. Utotowo sunagwere mwangozi. Unayambira pa dzina penipeni n'kufalikira kunja. Anawerenga makhadi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. A Noreen ankasuzumira paphewa pake, akupuma mwamphamvu.

"La chaka chino lili kuti?"

A Desmond anayang'ana uku ndi uku, nanyamula chitini cha timaburashi. Khadilo linali pansi pake. Utoto wa njerwa za chigayo unali m'mbali monse, timadontho tosanjikizana mozungulira, m'mwamba, m'munsi, m'makona anayi onse, mpaka malo anatha. Pakati panali poyera. Pankawerengeka bwinobwino kuti: Womanga, Glenys Hallam.

A Desmond analiyang'ana ngati akuliona koyamba, ndipo mwina zinalidi choncho.

"Mwina anali asanafikepo chabe," anatero a Noreen, koma mawu awo anatuluka osalimba.

Bryony anapendeketsa khadilo ku zenera. Pamwamba pa G panali kadontho kamodzi ka utoto wofiira komwe kanadumphira pa dzinalo. Winawake anali atakapala mosamala ndi nsonga ya kampeni, n'kutsala kachipsera koyera pa pepala.

Analiuzira fumbi, nalipereka kwa a Clive ndi manja awiri.